Mawu a Bwana M'kamwa Mwanga

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mu Juni, chaka chimene dzombe linatera ku Thyolo. Anali mesenjala wa boma ndi kapitawo wa pa esiteti ya tiyi pamene tinkakhala. Sanaodire.

Mlandu wanga ndinkaudziwa. Mulungu anandipatsa mawu aakulu, apansi, ngati a mzungu mwini esiteti, ndipo ndinkaseketsa nawo anzanga m'munda. Chinyanja chake chokhotakhota ndinkachitha kuposa mwini wake. Loweruka lapitalo kunagwa chiperoni, munthu osaona mzere wachitatu wa tiyi. Mkazi wanga anali ndi chifuwa. Anakhala pansi akutsokomola, kapitawo n'kumamukakamiza kuti adzuke amalize thangata. Ndinalowa m'nkhungumo ndi kukuwa kuti, "Kapitawo! Leka iye! Anthu onse pita nyumba!"

Kapitawo anavulira nkhungu chipewa, nati inde bwana. Tonse tinaweruka. Bwana weniweniyo tsiku limenelo anali ku Limbe.

Ku Boma anandiuza kuti ndilankhule ngati bwanayo, iwo amve. Ndikanangolira ngati mbuzi, mlandu ukanathera pomwepo. Koma womasulira anaseka, nati agwira munthu wolakwika, Mlomwe wa kumunda sangathe zimenezo. Mtima unandipsa. Ndinalankhula, ndipo ndinalankhula bwino, moti msilikali wa pakhomo anaima njo. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindiukana.

Anandikwapula. Sindinawerenge. Kenako miyezi isanu ndi umodzi m'ndende.

Sabata yoyamba akaidi anzanga ankaseka kwambiri, ndiye anandisamutsira m'kachipinda kandekha. Mlonda potseka chitseko anati, "Uziseketsa khoma."

M'menemo ndinkaitana anthu ndi kukhosi kwanga, potsanzira mawu awo. Anzanga a m'munda ankabwera, malume ankabwera, ngakhale kapitawo yemwe, n'kumatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Mkazi wanga yekha sankabwera. Mawu ake anali aang'ono, opepuka, ndipo pakhosi langa lalikululi sankadutsa. Ndinkamusowa koopsa. Ndinkadzitonthoza kuti palibe kanthu, ndikamumva mwini wake.

Ananditulutsa Lolemba lina mu Disembala, mvula itayamba. Pa esiteti ndinapeza nyumba yathu ataigwetsa. Ndinayenda wapansi mpaka kwa Changata, kwa apongozi. Anandiyalira mphasa, iwo n'kukhala chapatali, nkhope kumbali monga mwa mwambo, nandiuza kuti chifuwa chija chinamutenga mu Seputembala.

Mwana wathu wamkazi, amene ankakhala ndi apongoziwo, anandiyang'ana nthawi yaitali asanayandikire.

"Atate, paja mumatha mawu a aliyense. Tanenani ngati amayi."

Ndinayesa. Anamvetsera mpaka kumapeto, napukusa mutu, natenga mtsuko wake kupita kumadzi.

Papita zaka. Amati ufulu ndi kulankhula zimene ukufuna popanda wokugwira. Ufulu umenewo ndili nawo, palibenso amene amandiletsa. Koma mawu amene ndimafuna kulankhula, mpaka lero satuluka.