Stosh wa ku Khomo la Kuseri

"Nonse muli muno ndinu afiti, ndipo iwe Duane ndiwe mfiti yaikulu. Usandiloze ndi chala chonona mafuta a nkhukucho, ndichithyola. Mlongo wanga akuuma panja ngati nyama ya m'firiji, inu muli phee, maso pa kanema?"

Anali Marlene ameneyo, mayi wamfupi wa imvi, atayima m'bala ya Duane sinowo ikusungunuka pa mapewa. Dzanja lina anagwira fulasiki ya supu, linalo anali atakoka nalo kolala ya jekete la mlongo wake wamng'ono, Stosh Jarosz. Stosh anatsamira khoma, milomo itada, ndevu zitauma gwa ndi madzi oundana. Mapazi ake sankawamva. Koma chimene chinkamudya mtima nthawi imeneyo si mapazi ayi. Chinali chakuti walowa m'bala mpira usanathe.

"Tamutulutse kaye pang'ono, Marlene," anatero Ozzie, chimunthu cha mimba chimene chimakhala pa mpando wa kutsogolo, osachotsa ngakhale diso limodzi pa kanema. "Kwatsala kumenya mpira kamodzi kokha. Akangomenya umulowetse, timugulira chilichonse."

Mawu amenewa Ozzie sanawanene moseka, ndipo m'bala monse palibe anawadabwa. Ndiye poyambira nkhani ya Stosh ndi pamenepo.

Stosh anabadwira mumsewu womwewo wa bala ya Duane, kuseri kwa fakitale ya zitsulo. Bambo ake ankamunyamula pa mapewa popita ku bwalo kukawonera mpira wa ku America, woponya ndi manja uja, masiku amene munthu wa pa fakitale ankatha kugula tikiti osagona ndi njala. Atakula analowa fakitale yomweyo, nagwira mpaka tsiku limene anaitseka ndi unyolo. Kenako anayendetsa chigalimoto chothira mchere m'misewu nyengo ya chisanu kuti sinowo isungunuke, mpaka msana unakana. Anakwatirapo kamodzi, mkazi n'kuthawira ku Arizona kotentha ati kuno kukuzizira. Stosh sanalire kwambiri, poti mkaziyo ankasapota timu ya kutsidya kwa mtsinje.

Chimene chinamutsalira ndi timu ya mumzinda muno, timu yozunza anthu ake kuposa landilodi. Chikho sinachigwirepo chibadwire Stosh. Koma Lamlungu loyamba la Seputembala, pamene anthu a pa bala ya Duane amakwera pa mpando mmodzimmodzi kulosera za chaka, Stosh sankasintha nyimbo. Ozzie ankakwera mpando ukulira, n'kunena kuti tipambana kanayi basi, mphunzitsi amuthamangitsa Khirisimasi isanafike, ndipo woponya mpira wathu ali ndi mkono wa agogo ake. Ena ankatchula zawo, kutukwana eni timu ndi oyimbira. Akafika Stosh ankavula chipewa n'kuti, "Chaka chake n'chino." Anthu ankamugenda ndi mtedza, iye akuseka.

Za khomo la kuseri zinayamba ngati nthabwala, zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Linali Lamlungu la mu Novembala, timu ya kutsidya ikutikwapula ngati ana. Stosh, mtima utawawa, anatulukira kuseri kukasuta fodya. Asanamalize ndudu anamva bala yonse ikugwedezeka: tagoletsa. Anathamangira mkati, ndipo asanakhale n'komwe mpira unatipulumuka, adani n'kuutola. Ozzie anamukankha pa phewa n'kuti bwerera panja iwe, uli ndi minyama. Stosh anabwerera akuseka. Tinagoletsanso. Atasuzumira pa khomo anthu onse anamukuwiza kuti atseke. Tsiku limenelo tinapambana, ndipo anamunyamula m'mwamba, kumupsompsona pa dazi, kumutcha chithumwa cha mzinda.

Lamlungu lotsatira palibe anamuuza kanthu. Mpira utangoyamba anthu anangomuyang'ana, iye n'kutenga jekete.

Kuyambira pamenepo malo a Stosh anali pakati pa chibini cha zinyalala ndi migolo ya mowa yopanda kanthu. Fodya anasiya kalekale adokotala atamuwopseza, koma anapitiriza kuyima pa malo a osuta. Pa nthawi yopuma ankamutsegulira kuti akawothe mbaula ya kukhitchini, kumupatsa mapiko a nkhuku ndi botolo limodzi, kenako panja. Tsiku lina anabwera ndi kawayilesi m'thumba, tinaluza, ndiye kawayilesi anakaletsa. Motero anaphunzira kuwonera mpira ndi makutu. Mapazi akagunda pansi, ndiye kuti wina akuthamanga ndi mpira. Anthu akati "aaa" motsitsa, woponya uja waphonyanso. Tambula ikasweka, ameneyo ndi Ozzie, oyimbira atibera. Kukangoti zii, ankadziwa kuti basi, kwatha. Madzulo ankatha kuwonera zobwereza kunyumba, koma ankati mpira woudziwa kale mathero ake uli ngati chakudya chotafunidwa ndi wina.

Musaganize kuti timu inasiya kuluza. Inaluza zedi, zaka zina mochititsa manyazi. Koma anthu a pa bala paja sankasowa chifukwa. Ati Stosh anakhala pa kireti m'malo moyima. Ati anasintha chipewa. Ati anapita kukataya madzi pa nthawi yolakwika. Tikapambana chinali chithumwa, tikaluza chithumwa chinagwiritsidwa ntchito molakwika. Amuna akuluakulu, ena a zidzukulu, ena oimba kwaya ku tchalitchi.

Ndipo Stosh musamuseke. Munthu amene fakitale inamutaya, mkazi n'kumutaya, anapeza kuti Lamlungu lililonse pali anthu odzaza nyumba amene sangayambe kanthu iye asanafike. Ana a mumsewu ankamudziwa dzina. Wometa sankamulipiritsa timu ikapambana. Theka la mtima wake linkadziwa kuti ndi zopusa. Theka linalo linkati nanga zikakhala zoona? Marlene yekha ndi amene ankamunena poyera kuti anzake amusandutsa galu wa pakhomo, iye n'kumangoti iwe za mpira suzidziwa.

Chaka chino timu inadzuka. Inapambana, n'kupambananso, mpaka Ozzie anasowa chotukwana. Pofika Januwale kunatsala mpira umodzi woti tikapambana tikalowe m'ndime yomaliza ya chikho. Mzinda wonse unapenga. Mabasi, mawindo a masitolo, ngakhale agalu anavala mitundu ya timu. Anthu osamudziwa n'komwe ankamuyimitsa Stosh pa msewu n'kumuuza kuti Lamlungu asatigwetse mphwayi, mdala.

Lamlungulo kunacha ndi chisanu choluma mafupa. Pa wayilesi ankachenjeza kuti munthu asakhalitse panja. Marlene anamuyimbira foni m'mawa kumukumbutsa za shuga wake, ndi zimene adokotala ananena za mapazi ake, kuti magazi sayenda bwino. Stosh analonjeza kuti avala masokosi awiriawiri, ndipo pa nthawi yopuma akawotha mbaula monga mwa masiku onse.

Hafu yoyamba inayenda bwino kwambiri. Anamva mapazi akugunda kawiri, nyumba ikunjenjemera, anthu akuimba. Tinali patsogolo. Iye ankapondaponda pa sinowo, manja m'khwapa, akumwetulira yekha. Itayandikira nthawi yopuma anamva munthu akubwera ku khomo mkatimo, n'kuganiza kuti akudzamutsegulira. M'malo mwake anamva mpiringidzo wachitsulo ukulowa m'malo mwake, khwatcha.

Anadikira phokoso la kanema litsike, n'kugogoda. Anagogodanso. Kuseri kwa chitseko kunali munthu, ankamumva akupuma. Kenako nsapato zinachoka pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene pamawawa. Stosh akanatha kuzungulira nyumba n'kulowera ku khomo la kumaso, palibe akanamugwira. Anafika mpaka pa kona, n'kuyima. Anaganiza kuti ngati atseka ndiye kuti agwirizana, akuopa kuti akalowa mwayi uthawa. Anaganiza za mzinda wonse, za bambo ake amene anamwalira osachiwona chikho, za nkhope za anthu akadzati Stosh ndi amene anatiluzitsa chifukwa chofuna mbaula. Anabwerera pa chibini paja. Patapita nthawi mapazi anasiya kupweteka, iye n'kuthokoza, osadziwa kuti kumeneko ndiye kufa kwake kwa mapaziwo. Mkatimo mapazi a anthu anasiya kugunda, "aaa" anachuluka, tambula inasweka. Adani anali atatipitirira pang'ono, iye ali panja pomwepo, chitseko chili chotseka.

Marlene, atabwera ndi supu, anamupeza atakhala pansi pa sinowo, atatsamira mgolo, akuti akungopumako. Anagwedeza chitseko, n'kupeza n'chokhoma. Ndiye anamukoka mlongo wakeyo, kumukwakwaza kuzungulira nyumba yonse mpaka m'kati mwa bala, n'kuyamba kutukwana kuja.

Ozzie atanena zoti amutulutse kaye, Marlene anangogwiritsitsa kolala ya mlongo wake. Pa kanema womenya mpira wathu anali akubwerera m'mbuyo kukonzekera. Mpira ukadutsa pakati pa mapolo tapambana, ukaphonya chaka chatha. Stosh anayesa kutseka maso, anayesa kuyang'ana pansi, koma khosi linadzuka lokha. Anawona bwalo lobiriwira, anyamata atafola, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwawo, anthu a m'bwalo atagwirana manja. Anali atayiwala kuti mpira umakongola chonchi ukamachitika pomwepo. Mpira unakwera bwinobwino, n'kuyamba kupendekera kumanja, n'kupita kunja.

Zii uja ankamudziwa kuchokera kuseri kwa khoma. Tsopano anamuwona nkhope yake. Mitu inatembenuka umodziumodzi, yonse kwa iye.

"Ukanangopirira pang'ono, amwene," anatero Ozzie motsitsa. "Pang'ono pokha."

Fulasiki ya supu inauluka n'kukaswa mabotolo kuseri kwa Duane. Stosh anayesa kunena kuti pepani, koma nsagwada zinakana, n'kutsetsereka pa khoma mpaka pansi.

Kuchipatala anamudula zala zonse za phazi lamanzere ndi ziwiri za lamanja. Chibayo chinamugoneka masabata. Marlene ankabwera m'mawa uliwonse ndi zoluka zake, n'kukhala pa mpando wa pa windo. Stosh ankangoyang'ana pamene bulangeti linkaphwa kumapeto kwa bedi, n'kumamvetsera zitseko za m'chipatala zikutsekuka ndi kutsekeka.

Masana ena kunabwera Duane ndi Ozzie, atanyamula katoni ya mapiko a nkhuku ndi bulangeti la mitundu ya timu. Duane anati anthu onse akupereka moni, ndipo za mabotolo aja Marlene asadandaule. Marlene anati sankadandaula. Ozzie anakhala pa bedi osapemphedwa, n'kuyamba kulosera za chaka chamawa: womenya uja amugulitse, agule wina wa mwendo weniweni, otchinga kumbuyo awonjezere awiri, ndiye chikho chabwera. Ananenanso kuti za tsiku lija palibe akumusungira Stosh chakukhosi, anthu akambirana ndipo amukhululukira.

"Ndipo takonza zabwino, mkulu," anapitiriza. "Kuseri kuja tikhomako kadenga, tiyika hita yoti uziwotha. Ukhala pa mpando ngati bwana. Zokhala pansi zinatilakwirapo kale, koma poti mapazi ndi amenewa, tiyesa."

Marlene anali atayika kale zoluka pansi, akudzuka. Stosh anakweza dzanja kumuletsa. Anadzikoka n'kukhala tsonga, n'kuvundukula bulangeti kuti mabandeji awonekere. Alendo aja anayang'ana kumbali.

Stosh anafunsa modekha kuti anakhoma chitseko ndani. Duane anati chitseko chija n'chakale, mwina chinagwira ndi chisanu, mwinanso ndi mphepo. Ozzie anati m'bala munali anthu ambiri, ndani angakumbuke, komanso zapita izo, tiyang'ane kutsogolo.

"Mphepo sikoka mpiringidzo, Duane. Nyumba yako ndaimvetsera zaka zonsezi, palibe phokoso lake limene sindilidziwa. Munthu anakhoma, anayima pomwepo ndikugogoda, ndinkamumva akupuma, n'kuchokapo. Mukanandipempha mwina ndikanavomera ndekha, mukundidziwa kupusa kwanga. Koma simunandipemphe. Ndipo munayamba kuluza ndili panja, chitseko chili chokhoma, zimenezo palibe akuzinena."

Ozzie anatsegula katoni ya mapiko, n'kuitsekanso.

"Hita yanuyo khalani nayo, ndi kukhululuka kwanuko," anatero Stosh. "Bwererani ku bala mukafunsane. Amene anakoka mpiringidzo uja abwere pano, ayime pamene wayima iwepo Duane, ayang'ane mapazi awa, andiuze ndi pakamwa pake kuti ndine ndinakutsekera. Ndikufuna dzina lake, ndipo ayankhe."