Dzuwa la ku Mzuzu Landichititsa Manyazi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndachita manyazi pamaso pa alendo odzaona kaphunzitsidwe kanga. Phunziro linali la kusintha kwa nyengo. Ndimafuna tiike ayisi padzuwa, wina pansalu yakuda, wina pansalu yoyera, ana aone okha kuti chakuda chimasunga kutentha pomwe choyera chimabweza kuwala. N'chifukwa chake madzi oundana a m'mapiri akunja amasungunuka msanga akada ndi fumbi ndi utsi.

Ayisiyo ndinanyamula ndekha m'fulasiki kuchokera kunyumba ku Chibavi. Titangotuluka panja, dzuwa linalowa m'mitambo. Kunabwera nkhungu, kenako kamvula kowaza kaja ka kuno. Tinaima mpaka belu kulira, ana akunjenjemera, ayisi wapansalu yakuda ndi wapayoyera ali chimodzimodzi.

Kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Madamu, mwati dziko likutentha? Ife tikuzizidwa chomene." Alendo aja kuseka, uku akulemba.

Chandiwawa kwambiri ndi ahedi. Amadziwa za phunziroli sabata yonse, osandichenjeza kuti dzuwa la kuno n'losadalirika. Lero ndiye akuti, "Kuno si ku Salima kwanu, mama."

Achimwene, ndinu munandilimbikitsa kubwera kuno. Ndipemphe transifa, kapena ndizingodikira dzuwa?