Futali wa Mwana Wokana

Madzulo ano nditaweruka kuntchito kuno ku Balaka, ndinathira nsinjiro mu mbatata yowira kuti mwana wanga adye msanga. Fungo lake linandibwezera ku Nselema, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mng'ono wanga wa zaka ziwiri anali atangochira malungo, koma chakudya ankachikana. Mawu amene ankawadziwa bwino anali amodzi okha: iyayi. Ukamupatsa phala, iyayi. Ukamusendera nthochi, iyayi. Pofika tsiku lachitatu timikono take tinali ngati bango, ndipo amayi anati, "Akapanda kudya lero, mawa tibwerera naye kuchipatala."

Amayi atapita kumjigo, ndinaphika mbatata ziwiri pa makala otsala, n'kuthiramo nsinjiro ndi kamchere, n'kuphwanyaphwanya ndi supuni mpaka zitafewa. Sindinamunyengerere. Ndinakhala pamkeka pafupi naye, mbale ili pamiyendo, n'kuyamba kudya ndekha ndikunyambita zala. Nthunzi inkamufika pamphuno, iye akungondiyang'ana.

"Futaliyu ndi wanga ndekha," ndinatero. "Iwe sudya nawo."

"Iyayi."

"Ndati ndi wanga."

"Iyayi!" Anadzikoka pamkekapo, n'kugwira mbale ndi manja onse awiri. Ndinalimbalimba pang'ono, kenako ndinamusiyira.

Amayi anatipeza choncho. Anaima pakhomo ndowa ili pamutu, madzi akuwadonthera paphewa, osakumbuka zotula. Mwana anali atadzipaka futali mpaka m'makutu, akukokota mbale ndi chala.

"Wamupatsa chiyani?" ananong'ona.

"Sindinamupatse, amayi. Wachita kundilanda."