Mwala wa ku Joni pa kauntala ya anganga

Ine ndikangokumbukira anganga, mphuno zanga zimayamba zokha kumva mkaka wopserera pansi pa poto, utsi wa makala osauma bwino, ndi fungo lina limene anthu a pa Nselema sadzaliiwala mpaka tsiku la Kiyama, fungo la pulasitiki ikupsa. Fungo lachitatuli ndinabweretsa ndine, koma musandithamangitse, ndifika.

Anganga anga, amayi awo a mayi anga, anali Abiti Jana, ndipo anali ndi tiyirumu pafupi ndi msika. Anali aafupi, aafupi zedi, moti akaima kuseri kwa kauntala munkangoona duku ndi maso. Koma mawu! Walahi, akandikuwira kuti "Asiyatu, makapu!" agalu a ku Ntaja ankadzidzimuka. Ine ndinkagona kwa iwo, ndiye m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi phokoso la chivindikiro akukupizira mbaula, ketulo yakuda ija ikuyamba kuimba, masipuni akulira m'beseni, zitumbuwa zikuwira m'mafuta, eni ake akukalipira nkhuku za aneba m'Chiyao ngati nkhukuzo zawalanda munda.

Ndiye panali kauntala. Abale, kauntala imeneyo anaikhoma Adamu asanadye chipatso. Inali yakuda bii ndi tiyi ndi mafuta a zaka ndi zaka, ming'alu yake yoti sipuni ikagweramo mumangoiwerengera pemphero la Fatiha ngati yamwalira, ndipo mphemvu zinkachitiramo misonkhano ya chitukuko.

Ndili sitandade seveni zinthu zinatembenuka. Kutsidya kwa msewu wina anatsegula tiyirumu ya matailosi ndi kanema, makasitomala athu n'kuyamba kuwoloka mmodzimmodzi, ena akutipatsa moni ndi nkhope yoyang'ana kumbali. Kwathu kunatsala a Maliko a kabaza ndi ntchentche. Chaka chomwecho amalume a Twaibu anabwera kuchokera ku Joni, atavala thalauza lothina loti povula mpaka kuitana anthu anayi. Popeza malata a tiyirumu anatumiza ndi iwo, ankaona ngati ndi pansi pomwe ndi pawo.

"Amayi, mwakalamba," anatero tsiku lina, ataima pakhomo, chala chikupukusa kiyi wa njinga yamoto yobwereka. "Kapumeni kunyumba. Muno ndiikamo mafoni ndi matchaja. Taonani kauntala yakeyi, ngakhale mbuzi singamwerepo."

"Mbuzi ikuyankhulayi inakulira pa kauntala yomweyi," anatero anganga osasiya kutsuka makapu.

Amayi anga, m'malo moti atithandize, anaikira kumbuyo achimwene awo. "Amayi, achimwene akunena zoona. Miyendo ikukutupani, anthunso atha."

"Ngwamba!" Ameneyo ndi iyayi wa Chiyao, koma wa anganga ankatuluka ngati chitseko chomenyetsa. Kenako anapukuta manja pa chitenje n'kuloza kumwamba. "Twaibu, tsiku la msika likubwerali ubwere dzuwa lili apa. Ukapeza benchi limodzi lopanda matako, makiyi utenge, ine ndikakhale pakhonde ndizidikira imfa monga ukufuniramo."

Mabenchi anali atatu. Matako odalirika tinali nawo a munthu mmodzi, a Maliko, oonda ngati sipoko ya njinga yawo. Ine ndinaona kuti basi, zathera pano.

Amalume anali otsimikiza moti anakhometsa kale tebulo la mafoni. Ku Joni anabwerako ndi mpukutu wa pepala lomata lija, loyera la mizere yotuwa ngati mwala wa mabo, lokhala ndi pepala lina kumbuyo loti uzisenda. Anaitana anzawo kuti adzaone zamakono, n'kusenda kumbuyo konse kamodzi ngati akusenda mbuzi. Mphepo ya Okutobala sinachedwe. Pepala linadzipinda, kudzimata lokha, kuwamata m'mikono, kuwazula ubweya wa pachifuwa, ndipo kachigawo kamene kanafika pa tebulo kanatuluka matuza ngati tebulolo ladwala nthomba. Amalume anati n'zachinyengo, anawagulitsa feki, n'kuponya mpukutu wotsala kuseri kwa chitseko kwa amayi. M'mawa mwake anakwera basi kukapikula mafoni ku Limbe.

Ndinaba ndine, sindikana. Ndinaukulunga m'chitenje ngati nzimbe n'kukautula pamapazi pa anganga. Iwo anakanda kangodya ndi chikhadabo, kuika chala, kuchotsa, kununkhiza.

"Chimene chinamugwetsa Twaibu n'chimenechi? Ndi vuto la mwana wosazirapo nyumba."

Masana amenewo tinatseka. Anandipatsa chibenthu cha botolo kuti ndipale kauntala yonse, ndipo litsiro limene ndinachotsapo likanakwana kuumba njerwa za kalasi imodzi. Kenako phulusa ndi madzi otentha, kutsuka katatu, chifukwa ankati pamafuta sipamata kanthu. Ming'alu anaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi phala la chinangwa, akukanikiza ndi chala chachikulu, mphemvu zikuthawa ndi ana kumsana. Tinasiya chitseko ndi zenera pululu kuti kutentha kwathu kuja kugwire ntchito, ndipo pofika mawa lake panali pouma gwa.

Ndiye anatulutsa nkhulungo yawo, kamwala kosalala kaja ankakulungizira pansi akazira nyumba, n'kukakulunga m'kansanza kuti kasakande. Ine ntchito yanga inali kusenda pepala la kumbuyo, koma zala ziwiri zokha, osapitirira. Iwo anakwera pa kampando, lilime lili panja pang'ono, akukulungiza kuchokera pakati kupita m'mbali, pakati kupita m'mbali, thukuta likutsika m'khosi, mpweya ukuthawa kutsogolo kwa mwala ngati mbewa pamoto wa tchire.

"Pang'ono, iwe! Ukuthamangira kuti, kuli ukwati wako?"

"Anganga, manja atopa."

"Akadatopa pakamwa bwenzi tikuthokoza Mulungu."

Thuza likatsalira ankasolola singano pa duku, kuboola kamodzi, kukulungiza, thuza zii. M'ngodya ankayamba afunditsa sipuni m'madzi a tiyi n'kusisita kuti pepala lifewe lipindike bwino, kenako n'kudula chotsala ndi lezala. Tinayamba m'mawa, tinamaliza dzuwa litapendeka, kauntala ya mikono inayi yokha. Koma titabwerera m'mbuyo kuti tione, ine ndinafuna kuvula masilipasi. Munali ngati mu banki. Anganga anangoti, "Eya," n'kupita kukaswali.

Apa ndi pamene pakamwa panga panalowa ntchito. Ku mjigo ndinati anganga aitanitsa mwala ku Joni. Ku sukulu mwalawo unali utabwera pa lole. Pofika ku madrasa, anaunyamula amuna asanu ndi atatu, mmodzi anathyoka msana ndipo ali ku chipatala, komanso ukaugwira umazizira mpaka m'mano. Anganga atamva kwa mayi wina wogulitsa tomato anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ine makutu anga akalamba."

Tsiku la msika, anthu inu! Nselema yense anathera kwathu. Ogulitsa usipa, a kaunjika, azimayi a ana kumbuyo, onse kudzagwira mwala. Wina anagogoda n'kunena kuti ukulira ngati thabwa, ine n'kumuuza kuti miyala ya ku Joni imalira choncho. Koma ambiri ankangoima, kugwira, osakhala pansi. Dzuwa litafika pamene analoza anganga paja, amalume analowa ndi amayi anga kumbuyo. Anayang'ana kauntala, kukamwa yasa, moti ntchentche zikanatha kulowa n'kutembenukiramo. Kenako anazindikira.

"Pepala langa ili! Anthu inu, akupusitsani, ili ndi pepala lomata!"

"Ndi mwala!" ndinakuwa ine.

"Iwe Asiyatu, ndikuthyola. Ndinagula ndekha ili."

"Lanu lija linali la matuza, amalume. Uwu ndi mwala."

A Maliko anaimirira ndi kapu yawo m'manja ngati ozenga mlandu. "Abale, tisakangane. Mwala suopa moto. Mwali, ngati ndi mwala, tereka ketuloyo pamenepo tione."

Anganga anali kuseri akukazinga zitumbuwa. Ndikanatha kuseka n'kuzemba. Koma maso a msika wonse anali pa ine, ndipo kunena zoona, bodza lija ndinali nditalinena kambirimbiri moti ndinali nditayamba kumumvera chisoni bambo wothyoka msana uja. Ndinagwira ketulo ndi kansanza, kuichotsa pa mbaula ili fuu, n'kuikhazika pakatikati pa kauntala, dzanja lina lili m'chiuno.

Kunamveka kuti tswiii. Kenako fungo. Nditanyamula ketulo, pepala linatsatira pansi pake likutamuka ngati therere, n'kusiya chibowo chozungulira chakuda m'mbali, thabwa la Adamu lija likusuzumira pakati.

Kuseka kwake kunamveka mpaka ku Liwonde. Anthu anagwira m'mimba, kugwera pa mabenchi, ena pa matumba a makala. A Maliko tiyi anawatulukira m'mphuno. Amalume anatambasula dzanja, anganga akutulukira ndi chipande chodontha mafuta.

"Mwaona, amayi? Mwaphimba chilonda ndi pepala, mwadzichititsa manyazi pamsika. Bweretsani makiyi."

Anganga anayang'ana chibowo. Anayang'ana ine. Ine ndinayamba kutsanzikana ndi makutu anga onse awiri. Kenako anakwera pa kampando kawo kuti aliyense awaone.

"Inde, ndi pepala. Ndamata ndine, nkhalamba, pepala lomwe linakuvula ubweya iwe. Alipo pano amene amamwa kauntala?"

Anthu anaseka kuposa poyamba.

"Twaibu, tinapangana za mwala kapena za matako? Tayang'ana mabenchi anga."

Amalume anatembenuka. Panalibe ngakhale poika singano. Benchi lachitatu linali litapindika ngati uta, mayi wina wonenepa atakhalira mwendo wa mwamuna wa eni.

"Ndipo inu nonse," anapitiriza anganga akuloza ndi chipande, "kuseka mwaseka ulere, koma pa benchi langa sipakhala munthu wopanda kapu. Asiyatu, thira!"

Ndinathira mpaka mkono kufa dzanzi. Makapu anatha, tinakabwereka kwa aneba a nkhuku aja. Amayi anga anangomanga chitenje n'kuyamba kutsuka ngati sanali iwo. Amalume anafunafuna pokhala osapapeza, ndipo tiyi wawo anamwera choimirira pakhomo, thalauza likuwaluma.

Anthu atabalalika khutu langa linalandira zake, limodzi lokha, mwina chifukwa cha chisoni. Kenako anandipatsa lezala ndi kachidutswa kamene kanatsala pa mpukutu, kuti ndidule popsapo ndiike chigamba, mizere ikumane ndi inzake. Ndinabwereza kanayi, iwo ataima pambali akudya chitumbuwa chopserera. Pambali pa chigambacho anakhomerapo chivindikiro cha poto wakale, poterekera ketulo.

"Pakamwa pako paitana anthu lero," anatero. "Mawa sipathira shuga m'kapu ya munthu. Udzuke msanga."

Ena anabwereradi kutsidya kwa matailosi, koma otsala anakwanira. Kutsidya kunali kanema, kwathu kunali nkhalamba yotukwana bwino ndi chigamba choti aliyense ankafuna kumuonetsa mlendo wake. Amalume mafoni awo anakaika pakhonde, pa tebulo la nthomba lija.

Anganga anatisiya chaka chino mvula ikutha, ine ndisanalembe mayeso a Fomu Folo. Anagwira ntchito mpaka sabata yomaliza, ndipo m'chipatala anakalipira anesi kuti tiyi wawo ndi madzi otsukira makapu. Panopa mayeso ndalemba, zotsatira zake zikudziwika ndi Mulungu yekha, ndipo tiyirumu ndikutsegula ndine.

Sadaka ya masiku makumi anayi itadutsa, mayeso nditalemba, amalume anabwera. Masiku ano ananenepa, amavala mathalauza oyenera munthu. Anakhala pa benchi, kukhosomola, n'kuyamba mawu ofewa aja a munthu wofuna chinthu.

"Asiyatu, mwana wa mlongo wanga, wamaliza sukulu. Upite ku Balaka ukaphunzire zosoka, malo ndakupezera kale. Muno ndikufuna kukulitsa bizinesi. Makiyi ali kuti?"

"Anapita nawo, amalume."

"Ndani?"

"Anganga. Anawakulunga m'sanda. Mukawafunse."

"Iwe, m'manda ndinalowamo ndine kukawagoneka. Munalibe kiyi."

"Ndiye simunafufuze bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ikufuna kukwiya koma ikulephera. Kenako anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti anaika m'manda munthu mmodzi, koma akudabwa kuti akumuyankhabe. Anaitanitsa tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa ziwiri. Ndinawathirira, ndikuyenda mwadala modumphadumpha, makiyi akulira ngwengwengwe pa mfundo ya chitenje changa, iwo akupemerera tiyi ngati sakumva.