Zenera la Azakhali Atelala

Azakhali anga asoka zovala zaka makumi atatu pa zenera limodzi. Makina awo ali pamenepo, mpando uli pamenepo, ndipo pansi simenti inakumbika pomwe amaponda. Sanapiteko kusukulu ya zosoka. Anaphunzira pomasula madiresi akale n'kuwasokanso, ndipo ndi makina omwewo analera ana anayi, kuphatikizapo ine mwana wa achimwene awo.

Zeneralo linali la matabwa, ndipo chiswe chinalidya mpaka galasi limagwedera pakadutsa galimoto. Nditanena kuti ndiwaikira latsopano, azakhali anatchula mmisiri wina wachikulire amene anthu amangomuti a Pang'onopang'ono. Ine ndinaseka. Munthu woti zenera limodzi amatha nalo masiku atatu? Ndinapeza mnyamata wina pafoni, wa zithunzi zokongola za nyumba zosanja.

Mnyamatayo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anayeza ali panja, foni ili kukhutu, mawa lake n'kubwera ndi felemu yachitsulo ndi galasi lakuda.

"Izi ndiye zamakono, bwana," anandiuza. "Inu mukuona kunja, akunja sakukuonani."

Pofika masana anali atamaliza. Kunena zoona, ukaima pamsewu zeneralo linkaoneka bwino, ndipo ndinalijambula.

Patatha milungu iwiri, mayi wina anabweza siketi. Nsalu inali yakuda, ulusi wabuluu woderako, ndipo padzuwa msoko wonse unkachita kuonekera patali. Kenako mphunzitsi wina anabweza thalauza pa chifukwa chomwecho. Azakhali sanakangane ndi aliyense. Anapinda zovalazo, n'kuvundikira makina ndi nsalu.

"Maso atha," anatero. "Ndisamawonongere anthu nsalu zawo. Loweruka abwera mayi ena a kutchalitchi, adzatenge makinawa."

Sanalire. Ankangosesa pakhomo kawiri patsiku, kenako n'kukhala pakhonde manja ali pamiyendo. Ine ndinavomereza kuti ndi ukalamba, ndipo ndinayamba kufunsa za magalasi a maso.

Lachitatu kunagwa mvula, madzi n'kulowa pansi pa felemu yatsopano ija mpaka kunyowetsa khoma. Foni ya mnyamata uja inangolira osayankhidwa. Ndinapita kwa a Pang'onopang'ono mwamanyazi.

Anabwera tsiku lomwelo pa njinga, tepi yoyezera ili m'thumba la malaya, koma sanaitulutse. Anapempha kaye kulowa. Anafunsa kuti m'chipindamo mumagona munthu kapena mumagwiridwa ntchito, ntchito yanji, nthawi yanji. Kenako anakoka mpando wa azakhali n'kukhalapo. Akuti ndi mmene amachitira nyumba iliyonse, sayeza zenera asanakhale pomwe mwini wake amakhala.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali moti ine ndinayamba kuyang'ana wotchi. Pambali pa makina panali kabokosi ka ulusi. Anatolamo mitundu iwiri, n'kuiyandikiza kumaso, n'kuitalikiza.

"Mayi, wakuda ndi uti apa?"

"Musandiseke, bambo," anayankha azakhali ali pakhomo. "Maso anga anatha."

"Ndiye anganso atha, chifukwa ine ndikuona wakuda yekhayekha. Achimwene, inu ndinu wamng'ono, taonani."

Ndinatenga ulusiwo. Wonse unali wakuda. Mkuluyo anandigwira pamkono n'kunditulutsa pakhonde, ulusi uli m'manja mwanga. Wina unali wakuda, wina wabuluu. Azakhali anauloza wabuluuwo ali chapatali ndithu, ine ndisananene kanthu.

Palibe anandinyoza, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Munthu anatsala pang'ono kupereka makina amene anandiphunzitsa sukulu chifukwa cha galasi lomwe ndinasankha ine kuti lizioneka bwino pamsewu.

A Pang'onopang'ono anagwiradi ntchitoyo masiku atatu. Tsiku loyamba anazula felemu n'kukonza khoma kuti madzi azitsetserekera kunja. Tsiku lachiwiri anaibwezera, n'kumaitsegula ndi kuitseka ndi chala chimodzi mpaka atakhutira. Tsiku lachitatu anaika galasi loyera, nalipukuta ndi nyuzipepala yakale, n'kukhalanso pampando paja kanthawi asanatsanzike.

Loweruka m'mawa mayi a kutchalitchi aja anafika ndi wilibala. Anapeza nsalu itachotsedwa pamakina, azakhali ali ndi lezala m'manja akumasula msoko wa siketi ija. Anapatsana moni, anacheza za mvula, wilibala n'kubwerera yopanda kanthu.

Ine ndinali nditakonza mawu opepesa kuyambira dzulo lake. Ndinaima pafupi ndi makina n'kuyamba kuti, "Azakhali, ine ndimafuna ndinene kuti..."

Sanadzutse mutu. Ananyowetsa nsonga ya ulusi wakuda ndi milomo, n'kuilozetsa pa singano.

"Iwe, tasuntha apo," anatero. "Ukunditchingira kuwala."