Nthochi za kuseri kwa a Gideoni

Teodora, mwana wa a Gideoni, ndamuona akukula pano pa Chiwanga, poti mipanda yathu ndi yogundana. Anali kamtsikana kouma mutu, koti ukakatuma kukatembenuza usipa pathandala kamayamba kakufunsa chifukwa chake. Magazi sankawaopa. Mwana akabayidwa ndi mbedza, mayi wake manja ali pamutu, Teodora amakhala atagwada kale ndi lezala. Ndiye titamva kuti akuphunzira za unamwino ku Lichinga palibe anadabwa. Chinatizunguza mutu n'choti sukulu yamusankha kukazolowera ntchito m'chipatala ku Portugal. Ifetu kuno tikati kunja timanena Likoma.

Banja limenelo lili ndi bala lake. Agogo a Teodora aamuna, a Isaka, bambo awo a Gideoni, anali msodzi, komanso ankatsogolera mapemphero kutchalitchi kwathu. Nthawi ya nkhondo ya atsamunda asilikali achipwitikizi anabwera pa boti n'kuwatenga, ndipo sanabwerenso. Apo n'kuti a Gideoni ali kamwana koyenda chimbulanda. Mwambo wathu ndi woti munthu akasowa, thupi osapezeka, timaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe, mzimu ugone. A Gideoni atakula anakanitsitsa. Akuluakulu analankhula, ansembe analankhula, amayi awo anapempha mpaka kumwalira. Yankho linali limodzi: "Ndani anawaona atafa?" Kuseri kwa nyumba yawo sadula nthochi ngakhale yobereka kale, zimangogwa zokha n'kuwolera pomwepo. Kunena zoona ine liuma limeneli linkandinyansa. Kodi ndi iwo okha anataya munthu?

Foni ya a Gideoni ndi yamabatani, choncho Teodora ankaimba pa yanga, bambo ake n'kubwera kudzakhala pakhonde panga. Masiku oyamba zinali zoseketsa. Mtsikanayo ankadandaula kuzizira, ndi nsomba ya kumeneko youma yamchere yomwe ankati ikukoma ngati chikopa cha ng'oma. Anamuika kuchipinda cha okalamba, ntchito yake kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda.

Pa bedi la pazenera panali nkhalamba ina yomwe nzeru zinaithawa kale. Ana ake enieni sinkawazindikira. Tsiku loyamba Teodora kuisambitsa, inamuyang'anitsitsa nkhope, kenako inatsegula pakamwa.

"Madzi, bwana. Ndipatseniko madzi."

M'Chinyanja chathu chomwechi, chakunyanja kuno. Teodora anathamangira kukanena. Namwino wamkulu, mayi Luísa, anamuuza kuti asatekeseke. Anati wodwalayo ali mnyamata anali msilikali wa pa boti ku Africa, ndipo mawu amenewo amawanena tsiku lililonse, koma m'chipatala monse palibe ankawamva.

Teodora anatunga madzi n'kumupatsa. Nkhalambayo inalandira kapu ndi manja awiri, koma sinamwe. Inatambasula manja kulozetsa kapuyo kumiyendo kwa bedi, komwe kunalibe munthu, n'kuigwira choncho mpaka madzi anatayikira pabulangete. Mawa lake chimodzimodzi. Ludzu silinali lake. Inkangobwereza mawu a munthu wina amene anaipempha madzi kalekale.

Mtsikanayo anasiya kudya bwino. Anandiuza ndekha kuti ankafuna kupempha kuti amusinthe chipinda, koma ankachita manyazi, poti mlendo wongofika sasankha odwala. Komabe ndevu za mkuluyo ankazimeta bwinobwino osamucheka.

Tsiku lina masana foni inalira. Ndinaitana a Gideoni, anabwera ukonde uli paphewa. Anali Teodora.

"Ababa, muli pansi?"

"Ndakhala. Nena, mwanangu."

Anawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Kenako anati m'mawa wa tsikulo, akumupukuta msana, mkuluyo anapitiriza mawu aja kufika pomwe anali asanafikepo: "Madzi, bwana. Ndili ndi mwana wamng'ono ku Chiwanga."

"Ndinamufunsa m'Chipwitikizi, ababa. Ndinati munthuyo munamupatsa madziwo? Anapukusa mutu. Ndinati nanga ali kuti? Anati m'nyanja, pakati, pomwe sipaoneka mtunda. Dzina sakulidziwa. Ababa, mwina si agogo. Amuna a ku Chiwanga anatengedwa ambiri, ndipo ambiri anali ndi ana."

Ine ndinayembekeza kuti a Gideoni agwira pomwepo, poti kukana ndiye ntchito yawo. Koma iwo maso anali panyanja, chala chikuseweretsa chingwe cha ukonde.

"Iwe madziwo umamupatsabe?" anafunsa.

"Ndimamupatsa, ababa. Ndi ntchito yanga."

"Uzimupatsa. Mwina tsiku lina adzafika kwa mwini wake."

Anandibwezera foni. Ndinayesa kuwatonthoza ndi mawu a mwana wawo omwe aja, kuti mwina anali munthu wina. Anandiyang'ana, munthu wa imvi mbuu, wazidzukulu.

"Mwana wamng'onoyo ndine," anatero. "Zaka zonsezi ndinkati anapita osandiganizira. Kani ankanditchula."

Ndinachita chisoni chomwe sindinachitepo, ndipo manyazi anandigwira ndi pakamwa pangapa. Anasiya ukonde pakhonde panga n'kulowa kwawo. Patapita kanthawi ndinamva akunola chikwanje pamwala.

Maliro a Isaka tinaika Loweruka, tchalitchi chitadzaza mpaka panja. Thunthu la nthochi a Gideoni analikulunga okha m'nsalu yoyera. Teodora sanabwere, miyezi yake inali isanathe. Anaimba foni tikuchokera kumanda, iye akuchokera kuntchito. Akuti nkhalamba ija m'mawa umenewo inapemphanso madzi, n'kuilozetsanso kapu kumiyendo kwa bedi.