Dzina Linali M'mphepete mwa Tsamba

Ndinagwira ntchito ndi a Guluu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kosindikizira mabuku. Ine ndinali wowerenga masamba kufufuza zolakwika, iwo anali omata. Masiku amenewo tsamba linkakonzedwa pamanja: mawu kuwadula ndi lezala, kuwamata pakatoni, kenako kujambula ndi chikamera chachikulu ngati kabati. Zala zawo zinkakhala zonanda mpaka Lamlungu, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. Ndikulemba izi chifukwa nkhani ya zithunzi zawo anthu akuikamba molakwika, ndipo ine zolakwika sindinazizolowere.

Kampani yathu inkatulutsa kabuku ka makatuni mwezi ndi mwezi, nkhani ya kondakitala wa basi wachimphuno amene ankakangana ndi aliyense wokwera. Wojambula wake anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, tinkangomuti Wamanzere. Masamba ake anali aakulu kuwirikiza kawiri kabukuko. Ankayamba ndi pensulo yabuluu, yomwe kamera sinkaiona, n'kubwereza ndi inki yakuda, ndipo pomwe dzanja laphonya ankapakapo utoto woyera. Bwana wamkulu analamula kuti dzina la wojambula lisamatuluke m'kabuku, ati makampani ena angamube. Choncho Wamanzere ankalemba zake m'mphepete, kunja kwa mzere, komwe kamera sinkafika. Ankajambulamo kadzanja kamanzere, tsiku, ndi mawu opita kwa womata: “Guluu, mawu a kondakitala usamate pamphuno.” Kapena: “Pepa lachedwa, mwana anatentha thupi.”

Tsamba likajambulidwa, ankaliponya mumgolo wa zinyalala kuseri. Bwana ankati m'sitolo yosungiramo katundu mulibe malo, m'sitolo momwemo mmene ankasungamo mipando khumi yothyoka. Ndi bwana yemweyo amene anandipatsa wotchi yapakhoma yosayenda tsiku lopuma ntchito. Ndikali nayo. A Guluu ankapita kumgolo nthawi ya nkhomaliro, n'kutola zomwe sizinanyowe. Anapulumutsa masamba makumi anayi ndi limodzi. Ena onse anapsa.

Tsamba lomaliza limene Wamanzere anabweretsa, atayamba kale kudwala, ndi lokhalo lomwe analembapo dzina lake lonse, m'munsi, ndi mawu akuti: “Guluu, ili usataye. Mwana akadzakula udzamuonetse.” Anamwalira mwanayo ali ndi zaka zinayi. Mayi ake anasamuka naye, ndipo komwe analowera sitinakudziwe.

Kampani itatsekedwa, a Guluu anatsegula kachipinda ka mafelemu kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Ankaika m'galasi masatifiketi ndi zithunzi zaukwati, koma khoma lakumbuyo, lomwe dzuwa silinkafikako, linali la Wamanzere. Anali ndi malamulo awo. Pepala lisakhudze galasi, pakhale katoni yoboola pakati. Aligwirize ndi timapepala tiwiri pamwamba pokha, kuti lizipuma nyengo ikasintha. Ndipo felemu imadulidwa kutsata chithunzi, osati chithunzi kutsata felemu. Masamba makumi awiri ndi asanu ndi anayi anawaika m'mafelemu, n'kumawasinthanitsa pakhoma miyezi itatu iliyonse. Khumi ndi awiri a nkhani yomaliza anawasunga m'fayelo yachikopa m'dilowa, poopa kuwala.

Ine ndinapempha tsamba limodzi lokha. Zaka makumi atatu ndikupempha. Yankho linali limodzimodzi: “Akulu, khoma lanu linayang'ana kumadzulo. Dzuwa lingadye inki.”

Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera, mpeni osaugwiranso bwino. Nthawi yomweyo mayi woyang'anira laibulale anapempha kuti masamba onse akawaonetse kumeneko kwa mwezi umodzi. Mayiyo ndi amenenso anafufuza mpaka kupeza mwana wa Wamanzere, yemwe tsopano ndi namwino mumzinda wina, ndipo mwanayo analonjeza kudzabwera tsiku lotsegulira. Kunatsala masiku asanu ndi anayi, masamba a m'fayelo alibe mafelemu.

Apa ndi pomwe analowera mkamwini wa a Guluu. Ali ndi shopu ya fotokope ndi makina omata pulasitiki pamasatifiketi. Ndi munthu waulemu, wochangamuka, ndipo ndi anthu oterowo amene ndimawaopa. Lachitatu a Guluu atapita kuchipatala kukaongoletsa dzanja, iye anatenga fayelo ija kuti awadzidzimutse apongozi ndi ntchito yotha kale.

Tsiku lomwelo ndinafika pashopu pake kukachita fotokope kalata yanga yodandaula za madzi. Ndinapeza mafelemu khumi ndi awiri apulasitiki, ogula m'sitolo, onse ofanana msinkhu, atafoledwa patebulo. Pambali panali masamba a Wamanzere, onse atadulidwa m'munsi ndi m'mbali.

“Mwafika bwino, madala,” anatero akumwetulira. “Taonani mmene akukwanira tsopano. Ndangochotsako zauvezi.”

“Zauve ziti?”

“Zolembalemba za m'mphepetezi. Awiriwa ndafufutanso mizere yabuluu, koma labala wanditherera. Makina akatentha ndiwamata pulasitiki, akhala zaka zana.”

Ndinazula chingwe cha makinawo pakhoma. Zomwe ndinalankhula sindizilemba, koma mayi wosoka wa chipinda chotsatira anazimva ndipo anabwera kudzasuzumira.

“Koma madala, chithunzitu sindinachikhudze,” iye anatero. “Kondakitala ali yense, mphuno yake iyi.”

“Kondakitala ali m'timabuku zikwi! Chomwe sichili kwina kulikonse ndi chomwe wadulacho. Ndipo usanditchule madala, ndinakonza buku lomwe unaphunzirira kuwerenga.”

A Guluu anafika ndi ndodo yawo pasanathe ola, ataona dilowa ili pululu. Anayang'ana masambawo limodzilimodzi, osakweza mawu. Ichi ndi chimodzi mwa zomwe ndimawadandaula nazo: munthu azikwiya pomwe pakufunika kukwiya.

“Mwana wanga,” anatero, “zodulazo zili kuti?”

“Mubini, bambo.”

“Tsanulira pansi.”

Binilo linali la sabata yathunthu. Tinyenyeswa ta mapepala tinadzaza pansi mpaka kukhomo, toyera tokhatokha. Tinagwada atatu. Ine ndinkawerenga, mkamwini ankapatula, koma a Guluu sankayang'ana n'komwe: ankangotsina kapepala ndi zala zamanzere n'kudziwa kulemera kwake. “Aka nka fotokope. Aka nka envulopu. Aka nkathu.” Kalikonse kathu ankakayerekeza patsamba, mpaka mzere wa inki wodukawo ukumane ndi unzake.

Pofika masana tinali titapeza za masamba khumi ndi limodzi. Ka m'munsi mwa tsamba lomaliza, ka dzina kaja, kunalibe. Tinabwereza mulu wonse. Mkamwini anatuluka kukafukula mgolo wa panja, n'kubwerako manja ali bii, opanda kanthu. A Guluu anakhala pampando. M'zaka zonsezi ndi tsiku lokhalo lomwe ndinawaona akalamba.

“Mwanayo ndikamuonetsa chiyani?” anafunsa, osafunsa aliyense.

Ndiye ndinaona kapepala kakatali katabayidwa ndi pini pabolodi, pamwamba pa makina, katalembedwa nambala ya foni ndi bolopeni yofiira.

“Iwe, ako nkachiyani?”

“Ndi nambala ya kasitomala, anabwera m'mawa ndili mkati modula, ndiye ndinangotola…” Sanamalize. Anakazula yekha n'kukatembenuza. Dzina linali pamenepo, pini itaboola chilembo chachiwiri.

Ine ndinati timate zonse mmene zinalili, kuti chilema chisaoneke. A Guluu, munthu amene anamata mapepala moyo wake wonse, anakana. Anati guluu pa pepala lakale amadzasanduka chikasu, ndiponso chomwe chaduka chaduka, sitinamiza munthu. Kapepala kalikonse anati kakhale pamalo pake, patsale kampata ngati chikhadabo. Mafelemu apulasitiki anabwezedwa. Matabwa anacheka kalipentala, koma katoni yoboola anati adule mkamwini yemweyo.

“Ineyo, bambo? Pambuyo pa zimenezi?”

“Kudula umakukonda. Bwera udule choyenera.”

Anaononga makatoni asanu asanakhoze yoyamba. Lula yoyezera ndinkagwira ndine, masiku asanu ndi limodzi, ndipo palibe amene anandithokoza.

Tsiku lotsegulira, namwino uja anabwera ndi mwamuna wake. Ndi wamfupi ngati bambo ake. Anayenda khoma lonse akuseka za kondakitala, kenako anaima pa tsamba lomaliza. Anawerenga kapepala ka m'munsi, milomo ikuyenda.

“Amayi ankandiuza kuti ankajambula,” anatero, “koma m'timabuku ndinkafunafuna dzina osalipeza. Ndinkaganiza kuti amangondisangalatsa.” Kenako analoza kampata kaja. “Nanga apa panaduka bwanji?”

Ndinatsegula pakamwa. A Guluu anandiponda phazi ndi ndodo.

“Zimachitika pantchito, mayi,” anatero.

Mkamwini anali pakhomo, akugawa timapepala ta ndondomeko, maso ali pansi. Ndipo mayi wa laibulale, posadziwa, wakhala akuuza alendo kuti kampatako ndi luso la amisiri akale. Si luso la akale ayi. Ndi ntchito ya munthu wa fotokope Lachitatu m'mawa, ndipo ndalemba pano kuti zidziwike.

Mwezi utatha, a Guluu anakulunga tsamba lomalizalo m'bulangete n'kulipereka kwa namwinoyo. Ndinali pomwepo. Anamufunsa kuti khoma la kunyumba kwake linayang'ana kuti. Iye anaseka, anati sanaganizepo, mwina kumadzulo. Anamuuza kuti akaike katani yokhuthala, n'kumupatsabe.

Katani yokhuthala ine ndili nayo kuyambira kalekale. Ndinawauza zimenezo pobwerera. Anati aganizira.